Msambo wosokonekera, cham'mimba chosatha ndi nkhawa yosowa mphatso



Mwa mafunso omwe amafika kwa ife aphunzitsi a Deen kuchokera kwa amayi, ambiri amakhudza masiku a haidh. Wina amafunsa kuti watha miyezi itatu osaona msambo, pathupi palibe, ndipo tsopano magazi abwera osaleka kwa milungu itatu: kodi aswali kapena adikire? Wina amati ululu umayamba masiku awiri magazi asanaoneke moti amalephera kuimirira pa swala: kodi nkololedwa kuswali chokhala? Nthawi zambiri mwini funso sabwera yekha, amatuma mnzake kapena kudzera kwa mayi a kunyumba kwa a Sheikh. Za swala timayankha monga momwe mabuku a fiqh akunenera. Koma pansi pa mafunso amenewa pamakhala lina lomwe silitchulidwa, loti zaka zikupita m'banja, mwana sakubwera, ndipo kuchimuna ayamba kuyankhula.

Zizindikiro ziwiri zomwe tatchulazi nthawi zambiri zimaloza ku matenda awiri omwe ali ndi mayina ku chipatala. Oyamba ndi polycystic ovary syndrome, omwe mwachidule amatchedwa PCOS. Achiwiri ndi endometriosis. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati pa nthenda iliyonse mwa ziwirizi, pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 10 a msinkhu wobereka ali nayo, ndipo ambiri a iwo sadauzidwepo ndi dokotala. Choncho pa jalasa kapena pa darsa ya amayi ya anthu 50, sipalephera kukhala angapo omwe akuvutika nazo mwakachetechete. Matenda awiri onsewa amachedwetsa pathupi, koma amayi ambiri omwe ali nawo amabereka, ena paokha, ena atathandizidwa.

Mimba imayamba bwanji

Mayi ali ndi timatumba tiwiri ta mazira, kena kumanja kena kumanzere kwa chiberekero. Mwezi uliwonse mazira angapo amayamba kukula, limodzi nkuposa anzake, kukhwima, ndi kutuluka kulowa mu chubu chopita ku chiberekero. Izi zimachitika pafupifupi masiku 14 msambo wotsatira usanayambe. Dziralo limakhala ndi moyo kwa tsiku limodzi lokha, pomwe mbewu ya abambo imatha kudikira m'thupi mwa mayi mpaka masiku asanu. Ndiye kuti pa mwezi wonse, masiku omwe mimba ingayambe sapitirira asanu ndi limodzi. PCOS imasokoneza kutuluka kwa dzira. Endometriosis imasokoneza njira yomwe dziralo limadutsa komanso malo ozungulira.

PCOS: mazira alipo koma sakutuluka

Nthendayi idalongosoledwa m'chaka cha 1935 ndi madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal. Chomwe chimachitika nchakuti mazira amayamba kukula monga mwa nthawi zonse koma amaima panjira, palibe lomwe likukhwima mpaka kutuluka. Akajambula ndi sikani, timatumba tija timaoneka ngati tazunguliridwa ndi mikanda ing'onoing'ono. Apa amayi ambiri amachita mantha chifukwa amamva kuti "muli ndi zotupa", nkuganiza za khansa kapena opaleshoni. Mikanda imeneyo ndi mazira osakhwima, ndipo sifuna mpeni. Mayi wa PCOS mazira amakhala nawo ochuluka ndithu, vuto lili pa kutuluka kwake. Dzira likamatuluka kanayi pa chaka m'malo mwa ka 12 kapena 13, mwayi wa pathupi umachepa mwa muyeso womwewo, koma sutha.

Kuyambira pa msonkhano wa akatswiri wa ku Rotterdam mu 2003, madokotala amati munthu ali ndi PCOS akapeza ziwiri mwa zinthu zitatu, atatsimikiza kuti palibe nthenda ina yomwe ikuchititsa. Choyamba ndi msambo wotalikirana, wodutsa masiku 35 kapena wobwera kosakwana kasanu ndi katatu pa chaka. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa mahomoni achimuna, komwe kumaoneka ndi ndevu, cheya pachifuwa ndi pamimba, ziphuphu zosamva mafuta, kapena kuthothoka tsitsi pa liwombo. Chachitatu ndi mikanda ija pa sikani. Za ndevu tinenepo mawu amodzi: m'midzi mwathu mayi wa ndevu amanenedwa zambiri, ena mpaka kumutchula mfiti. Ndi mahomoni chabe, ndipo kumunena choncho ndi miseche yomwe tikayankhe pa tsiku la Qiyama.

Mwa amayi ambiri, gwero la vutoli limakhudzana ndi insulin, homoni yomwe imalowetsa shuga m'minofu. Thupi likaleka kuimvera bwino limapanga yochuluka, ndipo insulin yochulukayo imakankha timatumba ta mazira kupanga mahomoni achimuna. Nchifukwa chake ena amanenepa msanga pamimba, ena khungu limada ndi kukhuthala kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa ngati litsiro losachoka ndi sopo. Nchifukwa chakenso mayi wa PCOS ayenera kumayezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi ngakhale atabereka kale. Alipo amayi ochepa thupi omwe ali ndi PCOS, choncho tisamayeze ndi maso.

Kwa amene thupi ndi lolemera, kutsitsako makilogalamu asanu mpaka 10 pa 100 aliwonse kumatha kubwezeretsa msambo m'malo mwake. Mayi wa makilogalamu 80 akataya anayi kapena asanu ndi atatu, kusintha kumatha kuoneka. Sizifuna zakudya za m'sitolo. Tiyi wa masipuni atatu a shuga, mandasi, zakumwa za m'mabotolo ndi mitanda ikuluikulu ya nsima ya ufa woyera ndi zomwe zichepe. Mgaiwa, nyemba, nandolo, bonongwe, nkhwani, usipa ndi utaka ndi zomwe zichuluke, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja tili nazo pakhomo. Kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata kumathandizanso. Ntchitoyi imavuta ngati mayi akudya zake yekha pomwe bambo akufuna mphika wa kale, ndiye ndi bwino nyumba yonse isinthire limodzi.

Zimenezi zikapanda kukwanira pali mankhwala othandiza dzira kutuluka, omwe amamwedwa masiku asanu kumayambiriro kwa mwezi wa mayi. Odziwika kuyambira kale ndi clomiphene. Kafukufuku wa ku America yemwe adatuluka mu 2014, wa amayi 750 a PCOS, adapeza kuti mwa omwe adamwa letrozole, pafupifupi 27 pa 100 aliwonse adabereka, pomwe mwa omwe adamwa clomiphene adali 19 pa 100, ndipo lero letrozole ndi yomwe malangizo a akatswiri amaika patsogolo. Ena amapatsidwanso metformin, yomwe timaidziwa ngati mankhwala a shuga. Mankhwala amenewa asagulidwe mwa kungomva kwa mnzako. Amatha kutulutsa mazira angapo nthawi imodzi, ndipo ngati machubu ali otsekeka kapena vuto lili kwa bambo, mayi amangomwa miyezi ndi miyezi pachabe.

Chinanso chomwe ambiri sachidziwa: kukhala miyezi yoposa itatu osasamba, popanda pathupi, kuyamwitsa kapena njira yolera, sikwabwino ku chiberekero. Khungu la mkati mwake limangokhuthala, ndipo pakapita zaka chiopsezo cha khansa ya m'chiberekero chimakwera. Magazi osaleka omwe tidayamba nawo aja nthawi zambiri amachokera pamenepo. Mayi wotere apite ku chipatala ngakhale sakufuna mwana pakali pano.

Endometriosis: cham'mimba chomwe si cha aliyense

Mkati mwa chiberekero muli khungu lomwe limakhuthala mwezi uliwonse ndi kutuluka ngati msambo. Pa endometriosis, minofu yofanana ndi khungu limeneli imamera kunja kwa chiberekero: pa timatumba ta mazira, pa machubu, kuseri kwa chiberekero, nthawi zina pa matumbo ndi pa chikhodzodzo. Nayonso imamvera mahomoni a mwezi, imatupa ndi kukha magazi, koma magaziwo alibe potulukira. Zotsatira zake ndi kutupa, zipsera, ndi ziwalo zomwe zimamatirirana. Pa thumba la mazira pamatha kupangika chotupa chodzaza magazi akale akuda. Dokotala wa ku America John Sampson, m'zaka za m'ma 1920, adafotokoza kuti magazi ena a msambo amabwerera m'mbuyo kudzera m'machubu kukagwera m'mimba, ndipo mpaka lero maganizo amenewa ndi amodzi mwa omwe akatswiri amatsamira.

Cham'mimba wamba chimabwera tsiku loyamba kapena lachiwiri, munthu nkumwa panado kapena brufen nkupitiriza ntchito zake. Cha endometriosis chimagoneka munthu pansi, ena mpaka kusanza ndi kukomoka, ndipo chimakula ndi zaka. Ena amamva ululu wa mkati pokhala malo amodzi ndi amuna awo, ena pochita chimbudzi kapena pokodza m'masiku a msambo. Ife omwe timaphunzitsanso ku sekondale timawadziwa atsikana omwe mwezi uliwonse amajomba masiku awiri kapena atatu. Kunyumba amauzidwa kuti "limba mtima, ndi ukazi umenewo" kapena "ukadzabereka zidzatha". Mawu achiwiriwa akankhira ana ena ku banja asanamalize sukulu. Pathupi pamapumitsa ululuwo kwa kanthawi, koma sipachiza nthendayi. Ngakhale m'mayiko olemera, amayi ambiri amatha zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposa asanauzidwe dzina la chomwe chikuwavuta, makamaka chifukwa aliyense amaona ululuwo ngati wa masiku onse.

Pa nkhani ya kubereka, mwa amayi 10 a endometriosis, atatu mpaka asanu amavutika kutenga pathupi. Otsalawo amabereka popanda vuto lalikulu. Kukula kwa ululu sikusonyeza kukula kwa kuonongeka: wina amamva ululu woopsa machubu ali bwinobwino, wina samva kanthu kwenikweni koma mkati mwamatirirana. Sikani imaonetsa zotupa za pa timatumba ta mazira, koma timadontho ting'onoting'ono simationa, choncho kuuzidwa kuti "sikani ili bwino" sikutseka nkhani. Njira yoonera bwino ndi laparoscopy, opaleshoni yolowetsa kamera pa kabowo ka pa mchombo, ndipo pa nthawi yomweyo dokotala amatha kuchotsa minofu ija ndi kumasula zomatirira, zomwe kwa ena zimakweza mwayi wa pathupi.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimabweretsa mikangano m'mabanja. Mankhwala omwe amachepetsa ululu wa endometriosis, komanso omwe amakonza msambo wa PCOS, nthawi zambiri ndi mapilitsi omwe aja olerera. Mtsikana wosakwatiwa akabwera nawo kuchokera ku chipatala, makolo amaganiza kuti wayamba chiwerewere. Mayi wapabanja akabwera nawo, bambo amati akukana kubereka. Funsani kaye chomwe dokotala walembera. Mapilitsiwa amagoneka nthendayo pa nthawi yomwe munthu sakufuna pathupi, ndipo sachititsa uchumba. Koma kwa amene akufuna mwana panopa si njira yake, ndiye auzeni a chipatala momveka kuti cholinga chanu ndi pathupi.

Kuno kunyanja tiyenera kutchulanso likodzo. Mazira a tizilombo ta likodzo samangokhala m'chikhodzodzo; mwa amayi amakakhazikikanso pa khomo la chiberekero ndi m'machubu, nkumabweretsa ululu wa m'chinena, magazi pokhala malo amodzi, ndi kuvuta kwa pathupi. Mayi yemwe adakula akusamba ndi kuchapa m'nyanja kapena mu Shire anene zimenezi kwa dokotala, chifukwa mankhwala ake, praziquantel, ndi osavuta. Matenda opatsirana pogonana omwe sadachizidwe bwino nawonso amatseka machubu. Popeza zizindikiro zimafanana, mayi wa endometriosis amatha kupatsidwa mankhwala a matenda opatsirana kangapo konse osachira, kunyumba nkuyamba kukayikirana. Ngati mwamwa mankhwala otero, nonse awiri, ululu nkumabwerabe ndi mwezi, pemphani kuti akutumizeni kwa dokotala wa matenda a amayi.

Mawu kwa abambo ndi apongozi

A chipatala amati banja lili ndi vuto la kubereka likatha miyezi 12 likukhalira limodzi mosalera popanda pathupi, kapena miyezi isanu ndi umodzi ngati mayi wadutsa zaka 35. Mawu oti "likukhalira limodzi" tiwamvetse. Abale athu ambiri ali ku Joni, amabwera kumudzi milungu itatu pa chaka, nthawi zambiri pa Eid kapena mu Disembala. Ngati mayi amatulutsa dzira kanayi kokha pa chaka, milungu itatuyo ingathe kudutsa osakumana ndi tsiku ngakhale limodzi loyenera. Pakutha zaka zinayi achibale amawerenga zaka zinayi za uchumba, pomwe awiriwo akhalira limodzi miyezi itatu yokha.

Pafupifupi theka la mabanja osowa mphatso, vuto limakhala kwa bambo kapena kwa onse awiri. Kukhala ndi mphamvu kuchipinda si umboni woti mbewu zili bwino, ngakhalenso mwana yemwe adabadwa zaka 10 zapitazo ku banja loyamba. Kuyeza umuna ndi kosavuta ndiponso kotchipa kuyerekeza ndi zomwe mayi amadutsamo, ndipo maulama amaloleza kupereka umuna pa chifukwa cha chipatala. Kupezeka kwa PCOS mwa mayi sikumasula bambo ku kuyezetsa, pakuti mavuto awiri amatha kukumana m'nyumba imodzi. Mitala ili ndi malo ake ndi malamulo ake mu Shariah, koma mwamuna yemwe akuthamangira nikah yachiwiri kapena talaq asanapondeko ku chipatala ndi mkazi wake, ife tikuona kuti sadamuchitire mkaziyo chilungamo. Za mwambo wolowetsa fisi m'nyumba kuti apereke mimba, imeneyo ndi zina, ngakhale ankhoswe onse atavomereza.

Apongozi ndi alamu omwe amaponya mawu pa mtondo kapena pa chitsime akumbuke kuti mayi wa okhulupirira Aisha (RA) adakhala ndi Mtumiki Muhammad (SAW) zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi ndipo sadabereke. Ankatchedwa Umm Abdullah potengera Abdullah bin Zubair, mwana wa mkulu wake Asma. Kudzera mwa iye tidalandira ma Hadith oposa 2,000, ndipo ambiri mwa malamulo a haidh omwe timaphunzitsa ku madrasa adachokera kwa iye. Mneneri Zakariya (AS), yemwe nkhani yake ili kumayambiriro kwa Surah Maryam, adapempha mwana mpaka imvi. Dua ndi mankhwala zimayendera limodzi, ndipo ruqya ya ma ayah a Qur'an ndi yololedwa. Chomwe timakaniza ndi kupita kwa oombeza omwe amaloza mfiti pakati pa abale, zithumwa za m'chiuno, ndi mizu yoika kumaliseche yomwe imatha kuyambitsa zilonda. Chimodzimodzi mabotolo ogulitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp olonjeza "kutsuka chiberekero". Ndalama zimapita, koma choposa ndalama ndi zaka, chifukwa mazira a mayi amachepa mphamvu msanga akadutsa zaka 35.

Swala, swaumu ndi chipatala

Mu madh-hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife kuno timatsatira, haidh sichepera usana ndi usiku umodzi ndipo sipitirira masiku 15, ndipo twahara ya pakati pa haidh ziwiri sichepera masiku 15. Kwa a Hanafi malire a haidh ndi masiku atatu mpaka 10. Magazi opyola malire ndi istihadha, magazi a matenda. Fatima bint Abi Hubaish (RA) adali ndi vuto lotere, adafunsa kwa Mtumiki (SAW) popanda manyazi, ndipo adauzidwa kusiyanitsa masiku a haidh ndi masiku ena ndi kuswali m'masiku enawo. Mayi wa istihadha amadzitsuka, kuvala chotchinga, kupanga wudhu pa swala iliyonse ya faradhi nthawi yake ikalowa, ndipo amaswali ndi kusala. Kupatula masiku a haidh mkati mwa magazi otalika kumatengera mtundu wa magazi ndi chizolowezi cha mayiyo, ndiye afunse kwa Sheikh kapena mu'allima ali ndi masiku ake m'manja. Yemwe msambo wasowa miyezi itatu ali pa twahara nthawi yonseyo. Yemwe ululu wayamba magazi asanaoneke akadali pa twahara, ndipo akalephera kuima aswali chokhala.

Mu Ramadhan, omwe akumwa metformin akambirane ndi dokotala mwezi usanayambe kuti nthawi zomwera zigwere pa futari ndi pa daku. Kuonedwa ndi dokotala wachimuna pomwe wachikazi palibe nkololedwa chifukwa cha kufunika kwake, pakhale bambo wa kunyumba, m'bale kapena namwino m'chipindamo.

Ena amafika pofunika IVF, njira yokumanitsa dzira ndi mbewu ya abambo kunja kwa thupi ndi kubwezera m'chiberekero. Mwana woyamba wa njirayi, Louise Brown, adabadwa ku England mu 1978. Mu 1980 Mufti wa ku Egypt, Sheikh Jad al-Haq Ali Jad al-Haq, adapereka fatwa yoiloleza, ndipo bungwe la International Islamic Fiqh Academy lidagamula chimodzimodzi pa msonkhano wake wa ku Amman mu 1986. Malire ake ndi akuti dzira likhale la mkazi, mbewu ya mwamuna wake, chiberekero cha mkazi yemweyo, ndipo nikah ikhale ilipo. Mbewu, dzira kapena chiberekero cha munthu wachitatu nzoletsedwa chifukwa zimasokoneza nasab. Njirayi ndi yodula kwambiri ndipo siigwira nthawi zonse, koma amayi ambiri a PCOS safika kumeneko.

Poyambira ndi pa chipatala cha boma lanu, kaya ku Mangochi, ku Liwonde, ku Salima kapena ku Nkhotakota, komwe angathe kukutumizani ku zipatala zazikulu za Zomba, Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu ku Lilongwe. Mayi wa Chisilamu amawerenga kale masiku ake chifukwa cha swala ndi swaumu. Tsopano awalembe m'kope. Alembe tsiku lomwe magazi ayamba ndi lomwe aleka, masiku a ululu ndi kukula kwake, mankhwala onse omwe wamwa kuphatikizapo achikuda, ndi masiku omwe bambo adali pakhomo. Miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ya m'kopemo imamuuza dokotala zambiri kuposa kuyankha kuti "zimangosinthasintha". Tengani kopelo pamodzi ndi buku la kuchipatala la mayi ndi la bambo, ndipo pa ulendo woyamba mupite nonse awiri.